Mono Wopanda Chigubu

Kalata ya Kervin Toussaint inali itagona masiku asanu ndi anayi pansi pa kachiboliboli ka Amayi Maria, pa shelefu ya pabalaza kwa a Cuthbert Etienne, yankho osatuluka.

Kwathu ku Soufrière mwambo wa kalata ukunka nutha. Ambiri masiku ano amangotengana, makolo n'kudzamva mimba itaoneka kale. Koma a Etienne sanali a zimenezo. Ananena poyera kuti mwamuna wofuna mwana wawo Odilia alembe ndi dzanja lake kupempha chilolezo cholowa pakhomo, ndipo adikire kufikira atayankhidwa. Kervin analemba n'kung'amba kanayi konse. Yachisanu ndiyo anakapereka kwa Tanti Philo, mlongo wawo wa a Etienne, amene analera Odilia chimwalirireni mayi ake.

Chochedwetsa yankho aliyense ankachidziwa. A Etienne anali msodzi wa miono. Kervin, mnyamata wa ku Pointe Michel, ankadyera kutsika ndi alendo pansi pa nyanja, botolo la mpweya lili kumsana, kukawaonetsa miyala imene imatulutsa thovu lofunda kuchokera m'mimba mwa phiri. Chigawireni nyanja yathu, uku kwa asodzi, uku kwa alendo, magulu awiriwa moni amapatsana ndithu, koma wa pamlomo chabe.

* * *

Lachinayi m'mawa Odilia sanamwe tiyi wake wa koko. Ankangozungulira m'khitchini, kutenga foni, kuisiya, kusuzumira pabalaza, kubwereranso.

"Ngakhale uifungatire kalatayo, siiswa anapiye," anatero Tanti Philo akusenda nthochi.

"Tanti, mwawafunsa?"

"Ndiwafunse lero? Sunawaone dzulo mmene anabwerera kunyanja? Ine moyo ndikuufunabe, mwanawe."

Dzulo lakelo a Etienne anali atavuula mono wawo waukulu uli wong'ambika mbali yonse, mulibe ngakhale kansomba kamodzi. Wayayo sanadyedwe ndi dzimbiri ayi, anachita kudulidwa bwinobwino ndi chitsulo chakuthwa. Anafika nawo pakhomo atausenza, n'kuuponya pabwalo. Atasamba m'pamene anati: "Wakuba amatenga nsomba n'kusiya mono uli bwino kuti mawa adzabenso. Uyu si wakuba. Uyu ndi mmodzi wa amabotolo kumsana aja."

Foni ya Odilia inanjenjemera. Unali uthenga wa Kervin, amene ankamutcha dudu, mawu a kwathu otanthauza wokondedwa.

"Dudu wanga, kwacha bwanji uko? Akuluakulu atsokomolako?"

"Ayi. Lero usandifunse," anayankha Odilia.

"Malaya a Lamulungu ndagula kale. Oyera mbee. Ndikuoneka ngati wansembe."

Odilia anamwetulira, koma maso ake atagwera pa mono wong'ambika uja pabwalo, kumwetulirako kunazilala.

* * *

Masana mabasi awiri anatsitsa alendo pagombe la kutsogolo kwa tchalitchi, pamene madzi otentha amatumphuka mumchenga. Odilia, amene ntchito yake inali yoperekeza alendo ku akasupe a sulufule kumtunda, anawasiya akuviika miyendo m'kadziwe kozingidwa ndi miyala, akukuwa kuti akupsa koma osatulukamo. Iye anakakhala pamthunzi.

Sipanapite nthawi, Shermaine Prosper anatulukira, tsitsi likadali lonyowa. Shermaine ankagwira ntchito pamodzi ndi Kervin, kujambula alendo ali pansi pa madzi. Zaka ziwiri zapitazo awiriwa anali pachibwenzi. Mmene chinathera aliyense amanena zake, ndipo ine sindinalipo.

"Mayi Toussaint a m'tsogolo! Mwaswera?"

"Ndaswera, Shermaine. Dzina langa ukulidziwa."

"Ndikungoyeserera, lingadzandivute pa tsiku la ukwati. Ngakhale ndamva zoti kalata ikadali m'firiji."

"Uli ndi mawu, kapena wangobwera kudzanunkhiza?"

"Iii, ukali! Ndabwera kudzakuonetsa ngwazi yako, asisi. Taona."

Anamusonyeza foni. Pachithunzipo panali Kervin, atagwada pamchenga wa pansi pa nyanja, chodulira waya chili m'manja, nsomba zikutuluka m'mono ngati ana akuweruka kusukulu. Thovu linali kukwera kumbuyo kwake. Chinali chithunzi chokongola, zimenezo n'zosakanika.

"Lachiwiri lomweli. Alendo anaomba m'manja m'madzi momwemo. Mayi wina wa ku Canada mpaka analira titakwera m'boti."

Odilia sanamve zimenezo. Maso ake anali pa ngodya ya mono, pamene panali kamtanda kansungwi komangidwa ndi ulusi wofiira. Ulusi umenewo ankagula ndi iye mwini ku Roseau. Mono uliwonse wa bambo ake unkalowa m'madzi ndi kamtanda kotero, ndipo m'mudzi monse panalibe wina wochita zimenezo.

"Kamtandako ndinakaonapo penapake," anatero Shermaine akubweza foni m'thumba. "Koma ndaiwala kuti ndi kuti. Ukakumbuka undiuze."

* * *

Odilia ndi Kervin anakumana dzuwa likadalipo, pamwamba pa kaphiri ka Scotts Head, pamene munthu akaima amaona nyanja ziwiri, ya kumanzere yolusa, ya kumanja yogona ngati mafuta. Alendo omaliza anali kutsika akujambulana. Kervin anafika akupuma wefuwefu, mango awiri ali m'manja.

"Lachiwiri unadula mono?" anafunsa Odilia asanapatsane n'komwe moni.

"Aa, Shermaine wakuonetsa? Eya, ndinadula. Unali wotayika, dudu. Wopanda chingwe chopita pamwamba, wopanda chigubu choyandama. Mono wotero umangopha nsomba mwezi ndi mwezi, zikafa n'kukhala nyambo ya zinzake. Tikaupeza timaung'amba. Ndi mmene anatiphunzitsira."

"Anakuphunzitsa ndani? Msodzi?"

"Odilia, watani kodi?"

"Papa saika chigubu, Kervin. Chiyambire."

Kervin anaika mango aja pansi.

"Chigubu chimaitana akuba. Papa amaima m'bwato mpaka nsanja ya tchalitchi ilunjikane ndi mtengo wa mango wa kwa Ma Titine, mbali inayi mwala wong'aluka ulunjikane ndi mutu wa phiri, ndiye amaponya. Pokavuula amakwekweza pansi ndi ngowe. Miono khumi ndi iwiri, yonse ili m'mutu mwawo. Palibe unatayikapo. Kamtanda kaja sunakaone?"

"Ndinakaona. Ndinkayesa... sindikudziwa chimene ndinkayesa."

Anakhala pansi pa khoma la linga lakale. Mango limodzi linagubuduka n'kutsika phompho, palibe analithamangira.

"Koma dudu," anatero Kervin, "pamene paja ndi mbali ya alendo. Mpoletsedwa kutchera."

"Papa anayamba kutchera pamenepo mayi ako asanakuyembekezere. Mzere umene anajambula pamapu uja, iwo pamadzi sanauonepo."

"Ndikawauza."

"Wapenga?"

"Ndikawauza mawa."

"Kervin, tamvera. Ayambe ayankha kalata. Ulowe m'nyumba, akuzolowere, akuone kuti ndiwe munthu. Ikatha miyezi iwiri ndidzawauza ndekha, tsiku loti agwira nsomba zambiri."

"Ndiye Shermaine akhala chete miyezi iwiri? Iwe ukumudziwa, ine ndikumudziwa kuposa."

"Eya, zoti ukumudziwa kuposa usachite kundikumbutsa."

"Sindimatanthauza zimenezo."

"Zaka ziwiri unkatsika naye m'madzi atagwira dzanja lako, lero akundionetsa zithunzi ngati akundipatsa mphatso. Ndipo mawa mukhalanso m'boti limodzi."

Kervin anamugwira dzanja. Odilia analichotsa, kenaka analibweza yekha.

"Sindingakhale patebulo pawo n'kumadya nsomba zawo ndili ndi chimenechi pakhosi," anatero Kervin. "Akandikana, andikane akundidziwa."

Anali mawu abwino, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima. Koma panali china chimene sananene. Otsika m'madzi akang'amba mono wotayika amalemba pepala, kunena tsiku, malo ndi kuya kwake, n'kusainira. Mapepalawo amapita kwa alonda a m'nyanja pakutha pa mwezi. Lachiwiri lija Kervin analemba lake mosamala monga mwa nthawi zonse, n'kuliika m'kabati ya kuntchito. Wosunga kiyi wa kabatiyo anali Shermaine.

* * *

Lachisanu Kervin analawirira kuntchito, n'kupeza kabati ili yosakiya. Mapepala ena onse analimo. Lake lokha ndilo munalibe. Shermaine tsiku limenelo anali pa tchuthi, choncho anamulembera uthenga.

"Pepala langa la Lachiwiri lili kuti?"

Yankho linabwera msanga, ngati kuti mwini wake ankadikira foni ili m'manja. "Moni kaye, bwana."

"Moni. Lili kuti?"

"Ndinapita nalo kunyumba, lingasowe. Ndinalimata ndi chithunzi chake, likuoneka bwino kwabasi."

"Shermaine, ndikupempha. Ndibwezere."

"Bwera udzatenge. Mawa masana ndili ndekha, amayi apita ku Grand Bay. Njira sunaiiwale."

Kervin anayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Nyumba ya Shermaine inali m'mbali mwa msewu, moyang'anana ndi pokwerera mabasi. Akanangoponda pakhondepo, Odilia akanamva asanatulukemo n'komwe.

"Kumeneko sindibwera. Ubwere nalo Lolemba kuntchito."

"Kale sunkadikira Lolemba."

"Kale linapita."

Panapita mphindi zingapo, kenaka kunabwera liwu limodzi lokha: "Chabwino."

Kervin anadziuza kuti chabwino ndi chabwino basi. Koma tsiku lonselo anaiwala kuwerenga alendo ake kawiri konse, ndipo woyendetsa boti anamufunsa ngati akudwala.

* * *

Cha m'ma folo koloko chigoba cha nkhono chinalira pagombe, kuitana ogula nsomba. Kervin anadikira amayi onse atabalalika ndi mabeseni awo. A Etienne anali kutsuka bwato, msana atalozetsa kumtunda. Odilia anaima patali, pakhoma la tchalitchi, akupotokola chingwe cha chikwama chake.

"Bambo Etienne, mwaswera bwanji?"

"Kalata sindinayankhe, mnyamata. Wobwera asanaitanidwe amabwerera pa geti."

"Sindinabwerere kalata, bambo. Mono wanu uja ndinadula ndine."

Dzanja la a Etienne linaima. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Bwereza."

Kervin anabwereza, n'kufotokoza zonse, za chigubu, za zimene anaphunzitsidwa, za alendo oomba m'manja ndi mayi wa ku Canada amene analira uja. Mawu ankamuthawa koma sanasiye.

"Ndiye kuti chinthu chilichonse chopanda chigubu ndi chotayika?" anafunsa a Etienne. "Mwana wanganso alibe chigubu. N'chifukwa chake wamutola?"

Asodzi awiri amene ankamvetsera chapafupi anaseka mpaka kutsamira bwato. Kervin anangoweramitsa mutu.

"Munali nsomba zingati?"

"Zinalipo makumi awiri, kapena kuposa."

"Zazikulu?"

"Zina zinali zazikulu ndithu, bambo."

"Mayo ine. Ndipo mzungu analira ndi chisoni. Ine ndiye ndinaseka kapena?"

Anapukuta manja pa kabudula, n'kukodola Kervin kuti asendere kutali ndi makutu a anthu.

"Masiku awiri ndakhala ndikufunafuna wodula mono wanga. Ndimayesa adzabisala mpaka imfa, monga amachitira anzako. Iwe wabwera ndi miyendo yako." Analoza chakunyumba. "Waya ali kuseri kwa nyumba. Mawa m'mawa udzaluke mbali imene unang'ambayo, ndi zala zakozo, ndione ngati zimangodziwa kudula. Lamulungu Misa ikatha udzadye nafe. Yankho la kalata yako ukalimva patebulo."

"Zikomo, bambo. Zikomo kwambiri."

"Usafulumire kuthokoza. Pamene unaupeza mono uja ukupadziwa, inenso ndikupadziwa. Zimene unaona pansi zitsale pansi. Alipo wina wa maofesi amene wamva?"

Kervin anaona Odilia pakhoma paja, atagwira pakamwa, maso akuwala. Anaganiza za pepala lija, anaganizanso za liwu limodzi la Shermaine. Lolemba silinali kutali.

"Palibe, bambo," anatero.

Pa nthawi imeneyo sikunali kunama kwenikweni. Komanso sichinali chilungamo chonse, ndipo iye ankadziwa.

* * *

Loweruka analuka mono kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Waya anamucheka zala zonse. Tanti Philo anamubweretsera madzi a mandimu, akumuseka kuti mabowo ake ndi aakulu moti nsomba zidzalowa ndi alendo awo n'kutulukanso. A Etienne anabwera kawiri, kumasula zimene analuka, n'kuchoka. Kachitatu anangogwedeza mutu, n'kumuponyera ulusi wofiira ndi tinsungwi tiwiri.

Odilia anadutsa ndi dengu la zochapa, n'kunong'ona osaima: "Ulusiwo sapatsa munthu wamba."

"Ndiye kuti zatheka?"

"Luka, usandiyang'ane. Akuona pawindo."

Madzulo ake Odilia anamulembera: "Ndinkaopa pachabe. Unachita bwino kunena zonse. Ndimakukonda chifukwa cha chimenecho."

Kervin analemba yankho lalitali, lonena za pepala, za kabati, za Shermaine. Analiwerenga kawiri n'kulifufuta. Anatumiza loti: "Inenso, dudu. Tionana mawa."

* * *

Lamulungu patebulo panali mbale zinayi. Tanti Philo anaphika msuzi wa nkhanu, nthochi zowiritsa ndi nsomba yokazinga, ndipo anatulutsa nsalu ya patebulo imene inkaoneka pa Khirisimasi pokha. Kervin anakhala chowongoka m'malaya ake oyera, zala zili ndi timabandeji. Odilia ankalowa ndi kutuluka, kubweretsa mchere umene unali kale patebulo.

A Etienne anadalitsa chakudya. Kenaka anaimirira, n'kupita ku shelefu, n'kunyamula kachiboliboli ka Amayi Maria. Kalata ili m'manja, anakonza kukhosi.

"Odi kuno!"

Pakhomo panaima a Clement Defoe, mkulu wa alonda a m'nyanja, amenenso anaimira Odilia pa ubatizo, n'chifukwa chake iwo ndi a Etienne ankatchulana kompe. Anali m'zovala za kutchalitchi, chipewa atachigwira pachifuwa.

"Kompe! Mwafika bwino, lowani," anatero a Etienne. "Philo, mbale ina. Lero kuli nkhani yabwino."

"Musavutike, Tanti, sindikhalitsa." A Defoe sanayang'ane Kervin. "Kompe, ndabwera lero ngati mnzanu, chifukwa mawa ndibwera ndi yunifolomu. Dzulo madzulo mtsikana wojambula uja wabweretsa pepala ili ku ofesi, pamaso pa anzanga onse. Likanafika m'manja mwanga ndili ndekha, bwenzi tikukamba zina. Koma aliona anthu anayi, ndipo kamtandaka palibe amene sakukadziwa."

Anaika pepalalo patebulo, pakati pa msuzi ndi nthochi. Chithunzi chinali chomatidwa pamwamba pake.

"Malo alembedwa bwinobwino, mpaka kuya kwake. Ndi m'kati mwa mbali yoletsedwa. Lachiwiri mukaonekere ku komiti. Akhoza kukulandani miono yonse ndi chiphaso chomwe. Ndipo wolemba pepalali ayenera kukaima ngati mboni."

Kunja kunkamveka alendo akuseka m'madzi otentha aja.

A Etienne anavala magalasi awo. Anafunyulula kalata ija, n'kuiyala pambali pa pepala la a Defoe. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku, chala chikutsata mizere. Sanafulumire.

"Dzanja lokongola," anatero potsiriza. "Ndinalisirira tsiku loyamba lomwe. Ndinauza Philo kuti mnyamata wolemba chonchi ndi wosamala zinthu." Anakweza maso. "Ndi limodzi, eti?"

"Bambo Etienne, ndinalemba Lachiwiri, ndisanadziwe kuti mono ndi wanu."

"Zimenezo ndikukhulupirira. Nanga Lachisanu, pamene ndinakufunsa pagombe, unali usanadziwebe?"

Kervin anatsitsa maso pa pepala lija.

"Kervin," anatero Odilia motsitsa. "Unkadziwa kuti pepalali lili kwa Shermaine?"

"Ndimati ndilitenga Lolemba, dudu. Anandiuza kuti ndikatengere kunyumba kwake, ine ndinakana chifukwa cha iwe."

"Munkalemberana?"

"Za pepala zokha."

"Ine n'kumakuyamikira kuti wanena zonse."

Tanti Philo anakhala pansi mwakachetechete, chikombe chili m'manja. A Etienne anapinda kalata ija m'mapindo ake akale, n'kuikankhira patsogolo pa Kervin.

"Yankho ndinali nalo, mnyamata. Linali pakamwa pomwe." Anavula magalasi. "Odilia, chotsa mbale imodzi."

Odilia anaimirira. Anayang'ana bambo ake, amene nyanja imene anaidziwa zaka makumi anayi inali kuwapulumuka m'manja. Anayang'ana Kervin, ndi timabandeji take, ndi malaya oyera amene anayamba kale kunyowa m'khwapa. Dzanja lake linayenda pamwamba pa tebulo, n'kuima.

Ananyamula mbale yake yomwe. Anaisiya m'khitchini, n'kutulukira khomo la kuseri, kudutsa mono watsopano uja ndi kamtanda kake, osacheuka ngakhale bambo ake ndi Kervin yemwe ankamuitana.